Ola Lolembedwa Kuseri kwa Chitseko

Dzina loti Mayi Mgolo anamupatsa ndi madalaivala, anthu osowa chochita akamadikira katundu. Iwo amati n'chifukwa cha migolo yabuluu imene amalongedzamo zakudya ndi zofunda za anthu opita pamtsinje. Koma tisanamizane, nayenso mayiyo ndi wamfupi, wodzaza bwino, ndipo akatseka pakamwa simungamutsegule ndi manja. Poyamba dzinalo ankakwiya nalo. Masiku ano mukaimba foni kushedi amayankha yekha kuti, "Mgolo pano, nenani msanga."

Shediyo ndi yamalata, ili pamtunda pang'ono kuchokera padoko. M'kati mwake mabwato khumi ndi awiri agona chafufumimba pamatabwa, nkhafi zaima pakona motsatana kutalika, majekete oyandamitsa munthu pamadzi apachikidwa pawaya ngati zochapa. Pafupi ndi zenera pali makina osokera akale, mwendo umodzi wogwedera. Kampani ya eni shediyo ndi yaing'ono. Imatenga anthu a m'tauni otopa ndi maofesi, kuwakweza mabwato opalasa, n'kutsika nawo mtsinje masiku anayi, kugona m'matenti kutchire kopanda msewu, kopanda netiweki. Amene wakhala akutsogolera maulendowo zaka makumi atatu ndi achimwene ake a Mayi Mgolo. Iye yake ndi ntchito yapamtunda.

Anabwera pamalopo ngati telala. Mwamuna wake atapita kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera, anatsala ndi ana awiri ndi makina aja. Achimwene anafika ndi galimoto yobwereka, sanafunse mafunso oliritsa munthu, anangonyamula makinawo n'kunena kuti, "Tiye, kwathu kuli matenti ong'ambika." Anayamba choncho, kusoka zigamba ndi kusintha zipi. Posakhalitsa anaona kuti olongedza katundu ankachita zachibwana: machesi thumba limodzi ndi botolo la mafuta ophikira, bokosi la mankhwala pansi penipeni pa mgolo, poti munthu akadzicheka mpaka ukhuthule zonse. Anayamba kulalata. Ndiye mukudziwa, pantchito ukalalata kwambiri amakupatsa ntchito yomweyo kuti uone. Anaigwira, ndipo pano zaka zakwana khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Kagwiridwe kake kamatopetsa anthu aulesi. Mgolo uliwonse amayamba waikamo nyuzipepala, kuutseka, kuuponya m'thanki ya madzi kuseri kwa shedi n'kuukanikiza ndi thabwa. Nyuzipepala ikatuluka ndi kadontho, mphira wa chivindikiro wafa, mgolowo supita. Machesi amawagawa patatu, bwato lililonse ake, kuti limodzi likagubuduzika ena aphike. Zolemera amaika pansi ndi pakati. Chingwe chilichonse amachikulunga n'kuchimanga, chifukwa chingwe chotayirira m'madzi othamanga chimakola mwendo, munthu n'kumira jekete ali nalo. Mlendo aliyense, kaya ndi dokotala kaya ndi loya, amamuveka jekete, kumanga malamba, kenako kuligwira m'mapewa n'kulikoka m'mwamba ndi mphamvu zake zonse. Likafika m'makutu amangoti, "Ngati likuvulika pano, m'madzi likusiyani musanaitane amayi anu. Mangani." Akatero amamuuza aimbe wezulo womangirira pajeketepo, kuti aliyense amve kuti akulira.

Koma chimene amadziwika nacho kwenikweni si migolo, ndi pepala. Ulendo usananyamuke, wotsogolera amakhala pabenchi n'kulemba: anthu angati, mabwato angati, agona pati Lolemba, pati Lachiwiri, ndani ali ndi matenda a shuga, ndani satha kusambira, ayenera kufika liti kudoko lakumunsi kumene dalaivala amakawadikira. Pansi penipeni amalemba tsiku lina ndi ola lina. Limeneli ndi ola loti likakwana anthu asanaoneke, Mayi Mgolo aimbire a boti la injini, opulumutsa anthu pamadzi, osafunsa bwana, osafunsanso mtima wake. Pepalalo amalikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, pansi pa wotchi.

Lamuloli analiika ndi achimwene omwewo. Kalekale gulu lina, lotsogoleredwa ndi munthu wina, linachedwa, a kushedi n'kumati, "Abwera amenewo, madzi ndi ochepa, akuyenda pang'onopang'ono." Anadikira masiku awiri. Pomwe ankapita kukawafuna anapeza bambo wina ali pathanthwe, mwendo utathyoka, bala litayamba kale kununkha. Mwendowo unatsala kuchipatala. Achimwene anakhoma msomali uja ndi manja awo n'kunena kuti, "Ola ndi ola. Wodikira kupitirira apa wapha munthu."

M'zaka zonsezi Mayi Mgolo anali ataimba kasanu. Kawiri komaliza kanali ka achimwene ake, chaka chatha ndi chinacho, ndipo konse kuwiri boti linakumana nawo akupalasa bwinobwino, atangochedwa ndi mphepo. Bwana wa tsopano, mwana wa mwini kampani woyamba, wa nsapato zoyera zosadziwa matope, sanapite m'mbali. "Madala, liwiro latha," anawauza choncho pamaso pa mlongo wawo. "Boti likadzatulukanso chifukwa cha inu, mwatsika m'madzi. Achinyamata ofuna ntchitoyi alipo."

Chimene bwana sankadziwa ndi phewa. Miyezi itatu m'mbuyomo achimwene anaterereka akutsitsa bwato pangolo, phewa lamanja n'kuchoka m'malo mwake. Analibwezera okha, mano ali gwa, n'kulumbiritsa anthu awiri amene anaona: akazi awo ndi Mayi Mgolo. Kuyambira pamenepo Mayi Mgolo ndi amene ankawatikita ndi mankhwala kuseri kwa mabwato, ndipo anawapalira nkhafi kuti ipepuke. Munthu amene sankalola kadontho panyuzipepala analola phewa lowonongeka kupita pamtsinje. Ankadziwa kuti akulakwa, ndipo zinkamudya mumtima.

Lolemba lina alendo anali asanu: anyamata awiri a kubanki odzimva mphamvu, bambo ndi mkazi wake, ndi mphunzitsi wina wamagalasi amene anafika akukoka sutikesi yamatayala.

"Amayi, imeneyi ikupita kuti?" anafunsa Mayi Mgolo.

"Muli zovala zanga."

"Kutchireko kuli ukwati? Tsegulani."

Anatulutsa majinzi awiri, thaulo lalikulu ngati bulangeti, botolo lagalasi la mafuta odzola. Anamusiyira zovala zouma msanga, chipewa ndi juzi imodzi, zina zonse n'kuzitsekera m'kabati. Magalasi anawamangirira kachingwe kozungulira kukhosi. Mphunzitsiyo anang'ung'udza kuti ngakhale kusukulu sazunza ana chonchi.

Alendo atatsikira kudoko, achimwene anatsalira pabenchi, cholembera chili m'manja.

"Chemwali," anatero motsitsa mawu. "Ndalemba kuti tifika Lachinayi madzulo, ndipo ola loimba ndi Lachisanu 12 koloko, monga mwa nthawi zonse. Koma ukaona kuti tachedwa, undipatseko mpaka Loweruka m'mawa."

"Ndiye lembani Loweruka."

"Bwana amawerenga pepalali. Akaona Loweruka adziwa kuti ndikudzikayikira."

"Ndiye pepala linene zina, ine ndichite zina?"

"Tsiku limodzi lokha. Phewali limafuna kupuma, ndiziyenda nalo pang'onopang'ono. Ndikukupempha ngati mlongo wako."

"Achimwene, msomali uwu anakhoma ndani?"

"Iwe, mutu wakowo ndi mwala," anatero akuseka, koma kuseka kwake kunathera pamilomo.

Mayi Mgolo sanavomere, sanakanenso. Anatenga jekete lawo, kuwaveka, kumanga malamba. Pofika pokoka m'mwamba anagwira phewa lamanzere lokha, n'kukoka pang'ono ngati akudzutsa khanda. Aka kanali koyamba kubera pa mayeso ake omwe. Anaima padoko mpaka mabwato atatu aja anakhota pamene mtsinje umabisala kuseri kwa mabango, n'kubwerera kukakoleka pepala.

Lachitatu kushedi sikunagwe ngakhale dontho la mvula, koma masana madzi anasintha. Anabwera ofiira, atanyamula nthambi ndi zinyalala za m'minda. Padoko pali mzati wojambulidwa mizere ya penti, ndipo pofika madzulo mizere iwiri inali itamira. Mvula inali itagwa kumapiri, kutali, kumene palibe akanawauza.

Lachinayi dalaivala anaimba kuchokera kudoko lakumunsi dzuwa litapendeka. "Mayi Mgolo, kuno kuli zii. Ndangoona chitsa chikudutsa, sichinandipatse moni."

"Siyani nthabwala. Maso anu akhale pamadzi."

"Abwera, amayi. Madalawo mtsinje uwu amaudziwa kuposa khonde la kwawo."

"Mawu amenewo ndi amene anadulitsa munthu mwendo," anatero n'kudula foni.

Lachisanu anafika kushedi mame asanaume. Anasesa. Anasoka zipi ya tenti imene sinali yowonongeka kwenikweni. Anawerenga nkhafi zimene anaziwerenga kale dzulo. Ola lililonse dalaivala ankaimba, ndipo mawu ake ankafupika: kulibe, kulibe, kulibe. Nthabwala zinali zitamuthera.

Cha m'ma 10 koloko analowa alamu, akazi a achimwene, mayi wamtali wofatsa amene pazaka zonsezi sanakwezepo mawu kwa mlamu wake. Anakhala pamgolo wopanda kanthu, chikwama pamiyendo, maso pawotchi.

"Anakuuzani, eti?" anafunsa alamu.

"Anandiuza."

"Ndiye muchita bwanji?"

"Zalembedwa kuseri kwa chitseko, alamu."

"Mlamu, ndimvereni. Amuna anga ndimawadziwa. Madzi akakwera amakocheza, kudikira kuti atsike. Pano ali pansi pa mtengo penapake akuphikira alendo tiyi. Mukaimba, boti likawapeza ali bwinobwino ngati chaka chatha, ndipo bwana uja sabweza mawu. Mudzawachotsa pamtsinje popanda chifukwa."

"Nanga ngati sakuphika tiyi?"

"Musandiopseze! Mukuganiza kuti ine sindikuopa? Ndi amuna anga amenewo! Koma inu simugona nawo nyumba imodzi. Mwezi umene anadwala malungo uja ankakhala pakhonde kuyang'ana khoma, osalankhula, osadya. Munthu uja kunja kwa bwato kulibe. Mukawatsitsa m'madzi mwawaika m'manda akuyenda."

Mayi Mgolo anapota ulusi pachala.

"Anakutolani ndi ana awiri, mulibe ndi mphasa yomwe," anapitiriza alamu. "Sanakupempheni kanthu zaka zonsezi. Lero akupempha tsiku limodzi. Tsiku limodzi, mlamu! Chibale ndi fupa, sichiola."

Apa ndiye analasa penipeni, ndipo onse awiri anadziwa. Mayi Mgolo ankawakonda achimwene ake kuposa mmene ankasonyezera, ndipo zonse zimene alamu ananena zinali zoona. N'kutheka ndithu kuti anali pansi pa mtengo akuphika tiyi. Koma iye ndi amene anatikita phewa lija, ndipo ankadziwa mmene linkalirira pansi pa zala zake.

"Alamu," anatero, "m'mabwato muja simuli achimwene okha. Muli anthu asanu a eni ake. Amenewo sanandipemphe tsiku limodzi. Ndinawaveka majekete ndi manja angawa, n'kuwauza kuti akachedwa pali munthu akuyang'ana wotchi. Ndinalakwa kale kubisa phewa. Sindiwonjezera china pamwamba pake."

"Ndiye ola limodzi. Mpaka 1 koloko."

"Ndikakupatsani 1 koloko mupempha 2 koloko, ndipo ine ndikupatsani, chifukwa nanenso ndikufuna. Boti likanyamuka mochedwa dzuwa liwalowera m'njira. Ayi."

Itatsala pang'ono kukwana 12, alamu anaimirira n'kuika dzanja pafoni imene inali pamakina osokera. Sanailande ayi, anangoiphimba, misozi ili mbwee. Mayi Mgolo anaimirira naye, mutu wake ukulekeza paphewa la alamu. Anagwira dzanja lija ndi manja awiri, n'kulichotsa pang'onopang'ono chala chimodzichimodzi. Anaimbira dalaivala kaye.

"Kulibe, amayi."

Mivi ya wotchi inakumana pamwamba. Anaimbira a boti la injini. Ananena zonse mwadongosolo: mabwato atatu, anthu asanu ndi mmodzi, ananyamuka Lolemba, madzi akwera mizere iwiri. Atamaliza anaimbira bwana. Alamu anali atakhalanso pamgolo, nkhope m'manja.

Pofika 1 koloko a boti anali pabwalo la shedi, boti lawo lili pangolo, ndipo bwana anafika pambuyo pawo nkhope ili ndwii. Mkulu wa boti anayala mapu pabenchi.

"Amayi, mtsinje ndi wautali, dzuwa silidikira. Ochedwa nthawi zambiri amakhala pafupi ndi kofikira. Ife tikuti tipite ndi msewu kudoko lakumunsi, tiyambire kumeneko kukwera."

Mayi Mgolo anayang'ana mapu. Pakati pa ulendowo pali mathithi, pamene bwato silidutsa. Anthu amakocheza kumtunda kwake, kutsitsa katundu, n'kunyamula mabwato pamapewa kudzera kanjira ka m'miyala mpaka kumunsi. Boti la injini lochokera kumunsi likanakathera patsinde pa mathithiwo, dzuwa n'kulowa, osaona zimene zili pamwamba.

"Ayi," anatero. "Tsitsirani boti pano, mutsike ndi madzi. Sanawoloke mathithi."

"Mwadziwa bwanji? Tikalakwitsa mbali tataya tsiku."

Akanatha kunena kuti ndi maganizo chabe, koma mkulu wa boti sakanasintha njira chifukwa cha maganizo a telala. Bwana anali chiimire pambali pake. Alamu anadzutsa mutu n'kumuyang'ana, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Kuimba kuja kukanatha kukhululukidwa mwina, bwana akanatha kunena kuti ndi mvula. Koma kuulula za phewa kunali kutseka chitseko.

"Wotsogolerayo phewa lamanja ndi lowonongeka," anatero Mayi Mgolo momveka bwino. "Linachoka m'malo miyezi itatu yapitayo. Sangasenze bwato pamiyala yonyowa, ndipo sangalole alendo kupita okha. Muwafune kumtunda kwa mathithi."

"Phewa?" anatero bwana. "Ndipo inu mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Koma abale! Tikambirana zimenezi."

"Tikambirana, bwana. Boti linyamuke kaye."

Anathamangira m'shedi n'kutulutsa mgolo umene anali ataulongedza kale m'mawa osauza munthu: mabulangeti ouma, shuga, mabisiketi, bandeji yaikulu yokolekera mkono. Anaukweza m'boti yekha. Injini italira, alamu anatola chikwama chawo n'kutuluka pageti osatsanzika.

Uthenga unabwera pa wailesi ya a boti dzuwa lisanalowe. Awapeza pachilumba chaching'ono kumtunda kwa mathithi. Onse asanu ndi mmodzi ali moyo. Agona komweko, abwera nawo mawa. Mayi Mgolo anati zikomo, n'kukhala pansi penipeni, pasimenti. Kenako anatumiza uthenga kwa alamu. Sanayankhe.

Anafika Loweruka masana, boti likukoka mabwato awiri. Bwato lachitatu linali litatsala pachilumba, litang'ambika m'mbali. Alendo anatsika ali mbuu, milomo yosweka, koma akuyenda okha. Achimwene anatsika pomaliza, mkono uli m'bandeji. Anakana dzanja la mkulu wa boti. Anadutsa mlongo wawo pafupi kwambiri moti anamva fungo la utsi m'zovala zawo, koma sanamuyang'ane. Bwana anawatsegulira chitseko cha ofesi, analowa, chitseko n'kutsekedwa.

Mphunzitsi wamagalasi uja ndi amene anabwera kudzaima pambali pake, magalasi akulendewera pakachingwe.

"Amayi, ndinakunenani zoipa mumtima Lolemba. Mundikhululukire."

"Sutikesi yanu ili m'kabati. Chinachitika n'chiyani?"

Mphunzitsi anafotokoza. Lachitatu madzi anawakwerera ali pafupi ndi mathithi. Pokocheza panali patamira, kanjira konyamulira mabwato kali pansi pa madzi. Bwato la anyamata a kubanki linapingasa n'kuyamba kukokedwa. Achimwene anawaponyera chingwe, kuchikulunga pamtengo, n'kukoka mpaka anyamatawo anafika pamchenga. Phewa linachokera pamenepo, ndipo ulendo uno linakana kubwerera. Ndi dzanja limodzi analamula zonse: mabwato akokeredwe pamwamba, amangidwe, chakudya chigawidwe cha masiku atatu, madzi akumwa awiritsidwe. Lachinayi anyamata aja anafuna kutenga bwato kuti akayese mathithi akaitane anthu. Achimwene anakhalira nkhafi zonse n'kunena kuti wofuna nkhafi ayambe wawamenya.

"Ife tinayamba kulira," anatero mphunzitsi. "Tinkati, ndani adziwa kuti tili kuno? Iwo anati, 'Khalani pansi. Lachisanu 12 koloko mlongo wanga aimba. Ndinamupempha kuti asaimbe, koma ameneyo samva.' Ankanena mobwerezabwereza, m'mawa ndi madzulo, mpaka ife tinayamba kuseka. Dzulo nthawi itakwana anayang'ana wotchi n'kuti, 'Basi, waimba. Yalani tenti yofiira pamchenga kuti ationere patali.' Atatero anapita kuseri kwa mtengo, anakhala okhaokha nthawi yaitali. Sitinamvetse. Timayesa asangalala."

Mayi Mgolo anatembenuka n'kuyamba kumasula migolo.

Zokambirana za mu ofesi sizinatenge nthawi. Bwana anathokoza achimwene chifukwa cha chingwe chija, ananena kuti kampani iwaperekeza kuchipatala, ndipo mawu ake aja sanawabweze. Mayi Mgolo anapatsidwa kalata ya chenjezo chifukwa chobisa phewa. Anaiwerenga yonse, anavomera kuti ndi yoona, n'kuisainira osatsutsa ngakhale liwu limodzi, zimene zinadabwitsa ndi bwana yemwe.

Alendo atapita, anatulutsa katundu yense wonyowa kuseri kwa shedi. Majekete anawatsuka matope n'kuwayanika. Anali akulimbana ndi tenti yodzaza mchenga pamene anamva mapazi kumbuyo. Achimwene anakhala pathanki yoyesera migolo, akuyang'ana kumtsinje.

"Wandichotsa pamadzi," anatero.

"Eya."

"Ndi phewa lomwe waulula. Pamaso pa mwana uja."

"Eya, achimwene."

"Ukanangoimba basi. Ndikanati ndi mvula."

"Akanakafuna kumunsi. Mukanagona tsiku lina ndi phewa limenelo."

Achimwene anapumira m'mwamba. "Ndakwiya nawe, chemwali. Usaganize kuti poti ndakhala pano ndiye kuti sindinakwiye."

"Kwiyani. Ndikumva."

"Alamu ako akuti usapondeko kunyumba mwezi uno."

"Ndamva."

Madzi anali atayamba kutsika, mzere umodzi wa pamzati utatulukira. Achimwene anayang'ana dzanja lawo lamanja, lotupa, lolendewera m'bandeji, chikhatho cholimba ngati chikopa chifukwa cha nkhafi.

"Ndinayamba kupalasa ndevu zisanamere," anatero, mawu atatsika. "Mwala uliwonse mumtsinje umenewu ndimaudziwa. Tandiuza, iwe wodziwa zonse, Lolemba ndikadzuka ndilowera kuti?"

Misozi ya Mayi Mgolo inatsika, ndipo sanaipukute chifukwa manja anali ndi mchenga. Akanabwezedwa ku Lachisanu akanaimbanso, ndipo kudziwa zimenezo sikunachepetse ululu ngakhale pang'ono. Anawerama, anatola ngodya imodzi ya tenti ija n'kuwapatsa.

"Sindikudziwa, achimwene. Gwirani uku ndi dzanja lamanzere. Ikagona chonchi ichita nkhungu."

Achimwene anayang'ana ngodyayo nthawi yaitali. Kenako anatsika pathanki, anaigwira, n'kubwerera m'mbuyo mpaka nsalu inatambasuka pakati pawo. Anaikutumula kamodzi, kawiri, mchenga wa pachilumba uja ukuwagwera kumapazi.